Laputopu ya Makilo Anayi ya Mang Tibo

Mang Tibo sankakhulupirira chinthu chopepuka. Mukamupatsa kanthu m'manja, kaya ndi wailesi, kaya ndi poto, kaya ndi khanda la mnansi limene angotuluka nalo m'chipatala, ankayamba wakakweza n'kukatsitsa kawiri, maso ali kumwamba, kenako n'kutchula kulemera kwake. Sankaphonya ngakhale ndi magalamu zana. Azimayi a m'kanjira kathu kuno ku Malabon, pafupi ndi Manila, ankadzera kwa iye pochokera kumsika kuti awauze ngati awabera pa nsomba, ndipo nthawi zambiri ankapezeka kuti awaberadi.

Zaka makumi atatu anakhala pambali pa sikelo, m'kashopu kake kamalata kumapeto kwa kanjirako, kugula zitsulo zakutha, mabotolo, makatoni ndi chilichonse chimene mzinda watopa nacho. Sukulu anaisiyira mu giredi 3, atangodziwa manambala. Ankati zilembo alibe nazo ntchito chifukwa sizikwera pasikelo. Koma pa ntchito yakeyo anali pulofesa. Okankha ngolo amene ankamubweretsera katundu anayesa nzeru zonse: kunyowetsa makatoni, kuthira mchenga m'mapaipi, kubisa miyala m'zitini zophwanya. Iye ankangonyamula mtolo n'kufunsa modekha kuti, "Pare, mnzanga, kodi mtsinje wa Tullahan unauitana ndiwe kuti ulowe m'makatonimu, kapena unalowa wokha?"

Tsiku ndi tsiku ankaswa zinthu ndi nyundo n'kumaona zam'kati. Fani yakale ukaiswa umapezamo mkuwa wofiira wodzaza dzanja. Ya masiku ano ukaiswa umapezamo pulasitiki ndi kawaya kopaka utoto kuti kazioneka ngati mkuwa. Simbi, firiji, mota ya pampu, zonse n'chimodzimodzi. Ndiye Tibo akamati chinthu chabwino chimalemera, sankanena zomva kwa anthu ayi. Manja ake anali asanamunamizepo ngakhale kamodzi, ndipo tsoka lake linagona pomwepo.

Kuseri kwa khitchini kwawo kunali kamgolo kabuluu. Madzulo aliwonse akatseka shopu ankakhala pakhomo n'kumasenda mawaya ndi mpeni, ndipo mkuwa wabwino kwambiri, wonyezimira uja, sankaugulitsa. Ankauponya m'kamgolomo. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Mkazi wake, Aling Sion, amene ankachapira anthu zovala, ankadandaula kwa aliyense womumvera kuti, "Amuna a anzanga ali ndi mabuku a kubanki. Wanga ali ndi mgolo, ndipo amausisita kuposa mmene amandisisitira ine."

Ana awo anali atatu. Aamuna awiri anatsata bambo awo pothawa sukulu, ndipo onse ankasenza nsomba kudoko la Navotas. Wotsiriza, Krisel, ndiye anatuluka wina. Kamtsikana kowonda, kosayankhulayankhula, kamene kali kakang'ono kankatola makatoni m'shopu n'kumajambulapo nyumba zokhala ndi masitepe ndi mazenera owerengeka bwino. Atamaliza sekondale anapeza malo pa koleji ina yolipira ku Manila, kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba, pa basale ya mzinda. Basaleyo inkalipira zonse, koma inali ndi lamulo limodzi lopanda chisoni. Ukalephera phunziro limodzi lokha, yatha. Pakhomo pa Tibo lamuloli ankalidziwa aliyense, ngakhale mphaka.

Chaka choyamba chinayenda bwino, poti zonse zinali za pensulo ndi rula. Chaka chachiwiri chitayamba, Aling Sion anapeza kapepala m'thumba la siketi ya mwana wake pochapa. Anakaika patebulo nthawi ya chakudya chamadzulo, pakati pa mpunga ndi nsomba zouma.

"Nena wekha," anatero. "Kapepalaka kakhala m'thumba mwako milungu iwiri."

Krisel anayang'ana m'mbale, kenako anatembenukira kwa bambo ake, amene ankawaitana kuti Tay. "Tay, aphunzitsi ati teremu ino mapulani onse tizijambula pa kompyuta. Khumi ndi awiri, Novembala asanathe."

"Nanga pensulo yalakwa chiyani?"

"Siinalakwe, Tay. Ati maofesi onse anasiya pensulo."

"Kusukuluko makompyuta kulibe?"

"Alipo khumi ndi asanu. Ife tilipo mazana awiri. Koma musade nkhawa, ndizibwereka kwa anzanga."

"Kubwereka?" Tibo anaika supuni pansi. "Mwana wa Tiburcio Salonga azikapempha ngati wofuna mchere? Papepalapa palembedwa chiyani?"

"Ndi zimene laputopu iyenera kukhala nazo kuti pulogalamu yojambulira itheke. Siyofunika yatsopano. Yakale ilipo ya 13,000, anzanga anagula ku Raon, kumsika wa zamagetsi kuja."

Tibo anapinda kapepalako n'kukaika m'thumba. Kutacha anakweza kamgolo kabuluu pangolo n'kupita nako kwa ogula akuluakulu. Makilo 36. Anabwerako ndi mapeso 13,500 m'sokosi, akuyenda ngati wathyoka mwendo. Krisel atamva anati, "Tidzapite tonse Loweruka, Tay. Loweruka ndilibe kalasi."

"Loweruka, Nak, mwana wanga," anavomera Tibo.

Koma anapita Lachinayi, yekha. Zifukwa zake zinali ziwiri ndipo zonse zinali zomveka kwa iye. Choyamba, Loweruka ku Raon kumadzaza ndipo ogulitsa amadzimva. Pakati pa mlungu, ukafika akungotsegula, iwe ndiwe buena mano, kasitomala woyamba wa tsikulo, amene wogulitsa aliyense amaopa kumubweza chimanjamanja kuti tsiku lingamuipire. Chachiwiri sanachinene kwa munthu. Moyo wake wonse zinthu zinkabwera kwa iye zitafa kale. Ankafuna kuti kamodzi kokha alowe m'kanjira kathu atanyamula chinthu chamoyo, chogula m'shopu, mwana wake n'kuchipeza patebulo.

Anavala shati yake ya maliro ndi maubatizo, anakwera jipini, kaminibasi ka kuno, kenako sitima, ndipo 9 koloko isanakwane anali atayima pakati pa timashopu ta mawaya ndi zokuzira mawu. Mayi wina wonenepa, wa magalasi olendewera pakhosi, ankakankhira chitseko chachitsulo m'mwamba. Dzina lake anali Aling Precy.

"Lowani, Kuya, achimwene, mwandilawirira. Mukufuna chiyani?"

Tibo anamupatsa kapepala kaja ngati kalata ya kuchipatala. Aling Precy anavala magalasi n'kuwerenga.

"Ndi wa zojambula mapulani mwanayu? Walemba bwino, akudziwa chimene akufuna. Dikirani." Anatsegula kabati yagalasi n'kutulutsa laputopu yotuwa, yopyapyala ngati mbale ya pulasitiki. "Iyi inachokera mu ofesi, yagwira zaka zinayi. Zonse za papepalapa ili nazo. Ndimagulitsa 13,500, koma poti ndinu buena mano, 13,000."

Tibo anailandira. Anaikweza, anaitsitsa. Anaikwezanso. Kenako anaseka.

"Kilo imodzi ndi magalamu mazana anayi. Mayi, m'katimu muli chiyani, mphepo?"

"Ndi mmene zilili masiku ano, Kuya. Ikapepuka ndiye yabwino."

"Amene anakuuzani zimenezo anakugulitsani chiyani?"

Anaigogoda ndi chala, inalira ngati chidebe chopanda madzi. Anaibweza pagalasi mosamala, monga mmene umabwezera nsomba imene waona kuti yagona. Apo m'pamene maso ake anagwa pansi pa shelefu. Panali chinthu chakuda, chokhuthala ngati Baibulo la paguwa, cha makona a labala, chokhala ndi chogwirira ngati bokosi la zida.

"Nanga icho?"

"Icho musachiyang'ane n'komwe."

Anawerama n'kuchinyamula, ndipo nkhope yake inamasuka. Makilo anayi ndendende. Anatulutsa kamaginito kamene kamakhala pa makiyi ake n'kukaika pachivindikiro. Sikanamatire. Anakanda pakona ndi chikhadabo, panatuluka chitsulo choyera. Chitsulo chenicheni, chopanda dzimbiri, cha mtengo.

"Inachokera ku Japan," anatero Aling Precy. "Ankayenda nayo okonza mawaya a magetsi kumapiri. Kuyaka imayaka, kulemba kalata ilemba. Koma yakalamba, Kuya. Ubongo wake ndi waung'ono, ndipo zida zoukulitsira anasiya kalekale kupanga. Za papepalapa siingakwanitse. Ndikukuuzani ngati mlongo wanu."

Tibo anamwetulira chamumtima. Masewera amenewa ankawadziwa, poti nayenso ankawasewera. Munthu akabwera kushopu kwake n'kuloza mota yabwino imene wasungira kasitomala wake wakale, Tibo ankati, "Iyo ndi yakupsa, musataye ndalama." Wogulitsa sanyoza katundu wake pachabe. Akanyoza, ndiye kuti wamusungira wina.

"Mwasungira ndani?" anafunsa.

"Ndasungira ndani? Yakhala pamenepo chaka chathunthu, ndimatsamiritsira chitseko kukakhala mphepo!"

"Ndiye mundipatse ine muzitsamiritsa ndi njerwa. Zingati?"

Anakangana kwa theka la ola, ndipo aliyense wodutsa akanadabwa, chifukwa wogulitsa ndiye ankanyoza katundu, wogula n'kumamuyamikira. Aling Precy anati aimbire foni mwanayo. Tibo anati ali m'kalasi. Mayiyo anati adzabwere naye Loweruka. Tibo anati ngati simukufuna kugulitsa nenani ndipite kwa anzanu, n'kuyamba kulowera kukhomo. Apo mayiyo anagonja. Kasitomala woyamba atuluke ndi ndalama zake m'thumba? Anatchula 8,500. Atalandira ndalamazo anazigunditsa pa kabati, pa mashelefu ndi pa chitseko kuti ziitane zinzake, kenako analemba lisiti. Pansi pake anawonjezera mzere ndi cholembera chofiira.

"Tamverani, Kuya. Sindichitira aliyense zimenezi. Ndalemba apa kuti masiku asanu ndi awiri. Mwana akaikana, mubwere nayo pamodzi ndi ndalama zotsalazo, mutenge yotuwa ija. Mumuonetse lisitili."

"Sadzaikana," anatero Tibo. Lisitilo analipinda kanayi n'kulilowetsa kuseri kwa chithunzi cha Namwali Maria m'chikwama chake cha ndalama. Analibe maganizo oonetsa munthu, chifukwa panali mtengo.

Tsopano kwathu kuno munthu sulowa ndi chinthu chatsopano m'kanjira n'kungodutsa. Anthu amafuna kulawa mwayi wako, ndipo ukawamana adzakunena mpaka pa maliro ako. Tibo anali ndi 5,000 yotsala imene m'mutu mwake inali phindu la nzeru zake. Anagula nkhuku zowotcha zitatu, beseni la pansiti, manudulo okazinga aja, makireti awiri a mowa, masilipasi atsopano a Aling Sion, chikwama cholimba cha kumsana, ndipo anabwereketsa makina oimbira nyimbo a kalaoke. Dzuwa lisanalowe kanjira konse kanali pakhomo pake, laputopu ili patebulo pansalu yoyera ngati keke ya ukwati.

Mang Ambo, mnzake wa Tibo kuyambira ali ana, wometa anthu tsitsi pakona, anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

"Pare, wagula laputopu kapena jenereta? Imayendera dizilo?"

"Wometa nsabwe adziwa chiyani za makina? Tanyamula."

Ambo ananyamula n'kuyerekeza kuti msana wathyoka. "Mayo! Zingati chimenechi?"

"13,000," anatero Tibo osaphethira. "Ya ku Japan. Ankafuna kundinamiza ndi kapulasitiki kena, koma anapeza kuti akumana ndi mwini sikelo."

Krisel anafika nthawi imeneyo, atatopa ndi jipini, n'kupeza mayi wina akuimba nyimbo yachikondi mokuwa pakhomo pawo. Anthu anamupatukira njira akuwomba m'manja. Anaona chinthucho patebulo. Anaima. Anachitsegula pang'onopang'ono, anayang'ana kachizindikiro kofufuma pambali pa mabatani, ndipo amene anali pafupi akuti milomo yake inayenda ngati akuwerenga chaka.

"Taonani izi!" anakuwa Tibo. Anatseka laputopuyo, anaiika pansi, anavula masilipasi, n'kukwerapo ndi miyendo yonse iwiri. Anadumphaponso pang'ono. Atatsika anaitsegula, anadina batani, ndipo inayaka. Kanjira konse kanaphulika ndi chisangalalo. Munthu wamkuluyo anatembenukira kwa mwana wake, thukuta lili chuchuchu, maso akuwala ngati a mwana amene wapambana mpikisano.

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Pamaso pa anthu makumi anayi amene adya nkhuku ya bambo anu? Krisel anagwira dzanja la bambo ake n'kuligunditsa pachipumi pake, monga timalemekezera akulu kuno.

"Zikomo, Tay," anatero. "Ndi yolimba."

Kutacha anapita nayo kukoleji. Mnzake wina anamuikira pulogalamu ija, ndipo kuika kokhako kunatenga masana onse. Poitsegula, fani ya m'kati inayamba kulira ngati njinga yamoto pachitunda. Patapita mphindi khumi ndi zisanu pepala loyera linaoneka pa sikirini. Krisel anajambula mzere umodzi wa khoma. Pofuna kujambula wachiwiri, zonse zinauma gwa. Anayesanso mawa lake, ndi mkuja wake. Sinapitirirepo khoma limodzi.

Kunyumba sananene kanthu. Akanayambira pati? Mkuwa wa zaka zisanu ndi chimodzi unali utapita, ndipo iye ankadziwa kuti zonse 13,000 zinathera pa chinthucho, monga bambo ake ananenera. Za ku Raon aliyense amadziwa kuti chimene wagula wagula. Kunena kukanangothyola munthu wamkulu popanda kubweza kanthu. Ndiye m'mawa uliwonse ankaika makilo anayi aja m'chikwama chatsopano, n'kudutsa nawo pakhomo pa shopu kuti bambo ake aone. Tibo ankaimitsa sikelo n'kuuza wokankha ngolo aliyense amene analipo kuti, "Ukuona chikwamacho? Muli nyumba khumi ndi ziwiri mmenemo."

Masiku asanu ndi awiri anadutsa lisiti lili kuseri kwa Namwali Maria. Inadutsa milungu isanu.

Tsiku lina m'mawa Tibo akufunafuna pulayala pansi pa benchi la kunyumba, anakoka tchaja ya laputopu ija, chinjerwa chakuda cha chingwe chokhuthala. Inali ndi fumbi, ndipo kangaude anali atamangapo kale. Tibo zilembo sankadziwa, koma ankadziwa kuti batire ya chinthucho siitha mphindi khumi popanda magetsi, poti tsiku la phwando inazima nyimbo isanathe. Ankadziwanso kuti kangaude samanga tsiku limodzi. Anapukuta fumbi pa tchajayo. Kenako anachita chimene sankachita wambawamba pakati pa mlungu, anatseka shopu.

Mlonda wa pakoleji anamulanda chitupa n'kumulozera nsanjika yachitatu. Pakhonde lalitali, kunja kwa chipinda cha makompyuta, ophunzira anali atakhala pansi mondondozana, misana kukhoma, kudikira kuti wina atuluke. Krisel anali wachisanu ndi chinayi pamzerewo. Laputopu ija anali ataitulutsa m'chikwama, yotseka, ataiika pamiyendo. Pamwamba pake anayalapo pepala, ndipo ankajambula ndi pensulo.

Anadzutsa mutu n'kuona bambo ake atanyamula tchaja m'manja onse awiri.

"Tay."

"Unaiwala ichi."

Anatsikira limodzi pansi pa masitepe, pamene panalibe anthu. Tibo ndiye anayamba.

"Yawonongeka? Ngati yawonongeka nena, ndikudziwa munthu wokonza."

"Siinawonongeke, Tay. Siingawonongeke imeneyi. Kungoti siitha."

"Siitha chiyani?"

"Ntchitoyi. Ndi yakale kwambiri. Inapangidwa ine ndili mu giredi 1."

"Koma chitsulo chake..."

"Chitsulo chake ndi chabwino, Tay."

Tibo anayang'ana tchaja ija ngati ingamuthandize. "Mapulani aja wamaliza angati?"

"Anayi. Muno amatipatsa ola limodzi patsiku, ukapeza malo. Mnzanga amandibwereka yake akamadya."

"Kwatsala masiku angati?"

"Milungu itatu."

Apo Tibo anatulutsa chikwama chake. Anasolola kapepala kuseri kwa chithunzi n'kumupatsa mwana wake. Krisel anafunyulula lisitilo. Anawerenga mtengo. Anawerenga mzere wofiira uja. Anawerenganso kachiwiri, chala chikuyenda pansi pa mawu.

"Masiku asanu ndi awiri," anatero motsitsa. "Panali ina?"

"Yotuwa. Yopepuka."

"Ya zingati?"

"13,000."

"Ndipo munali nazo."

"Ndinali nazo."

Mtsikanayo sanakuwe, sanalire. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anangofunsa kuti, "Bwanji simunandionetse, Tay?"

"Nanga iwe bwanji sunandiuze, Nak?"

Yankho linali limodzi ndipo onse ankalidziwa. Pamwamba wina anaitana dzina la Krisel kuti malo apezeka. Anapinda lisitilo bwinobwino, anawabwezera bambo ake pamodzi ndi chikwama cha laputopu, n'kuthamanga kukwera masitepe.

Tibo anapita ku Raon tsiku lomwelo, laputopu ili kumsana. Aling Precy anamuzindikira asanalowe n'komwe, ndipo anavula magalasi.

"Kuya, ndinakudikirani. Yotuwa ija ndinaibisa masiku khumi, osati asanu ndi awiri. Inapita mwezi watha."

"Ina yonga iyo?"

"Zakwera, Khirisimasi yayandikira. 15,000 tsopano."

"Nanga iyi mungailandire pa zingati?"

Mayiyo anapumira m'mwamba. "Ndingakupatseni 2,000, ndipo ndikhala ndikukuchitirani chifundo. Ndani wina adzaigule? Chaka chonse munabwera inu nokha."

Tibo sanakangane. Munthu amene moyo wake wonse sanalolepo mtengo woyamba anangogwedeza mutu n'kulandira.

Milungu itatu ija anagwira ntchito ngati wamisala. Anagulitsa zonse za m'shopu, ndi mota zomwe ankasungira makasitomala ake akale. Koma inali nyengo ya mvula, madzi analowa m'kanjira kawiri, makatoni onse anavunda, ndipo okankha ngolo sankayenda. Ana ake aamuna anabweretsa zimene akanatha, zomwe sizinali zambiri, poti nawonso ali ndi makanda. Mang Ambo, amene anali atasiya nthabwala zake za jenereta, anabwera ndi kachitini ka ndalama zachitsulo n'kukasiya pasikelo. Zonse pamodzi zinafika pa theka la 15,000 ija tsiku lomaliza litakwana.

Krisel anapereka mapulani asanu ndi anayi. Mphunzitsi anati asanu ndi anayiwo anali abwino kuposa a ena onse m'kalasimo, koma khumi ndi awiri ndi khumi ndi awiri. Kalata ya ku ofesi yothetsa basale ija inafika Khirisimasi isanakwane, nyenyezi zamapepala zili lendelende pakhomo lililonse.

Tibo anapita yekha ku ofesiko. Anadikira m'mawa wonse, ndipo atafika pawindo anafotokoza zonse, kuyambira pa kamgolo. Kalaliki wake anali munthu waulemu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati alembe kalata yodandaula, komiti idzaona. Kunyumba Tibo anakhazika mwana wake patebulo kuti alembe zimene iye azinena.

"Lemba kuti, ine Tiburcio Salonga ndine mbuli."

"Sindilemba zimenezo, Tay."

"Lemba. Kuti mwanayu sanalakwe, ndinalakwa ndine, chifukwa ndinauzidwa koma sindinamve."

"Akufuna chifukwa chomveka. Matenda, maliro, madzi osefukira."

"Ndiye umbuli si chifukwa chomveka? Unapha anthu ambiri kuposa madzi."

Krisel analemba za madzi osefukira. Anakapereka. Januwale anatha, teremu yatsopano inayamba popanda iye, ndipo yankho silinabwere. Atapita kukafunsa anauzidwa kuti malo ake anapatsidwa kale kwa wina amene anali pamndandanda wodikira. Fizi ya teremu imodzi pakolejipo ndi ndalama zimene shopu ya Tibo imapeza miyezi isanu, banja lonse litasiya kudya.

Mwezi wa Febuluwale Krisel analowa ntchito pa fakitale ina ya msuzi wa nsomba, kutsidya kwa mlatho. Amamata mapepala pa mabotolo, atavala kaneti kumutu ndi majombo oyera. Fungo la kumeneko silichoka ndi sopo. Mlungu wake wachiwiri Tibo anamupititsira chakudya chamasana, mpunga ndi dzira, n'kumudikira pageti pamodzi ndi azimayi ogulitsa nthochi zokazinga. Anatuluka ndi gulu la atsikana ena ovala mofanana, ndipo bambo ake sanamuzindikire mpaka atayandikira.

Anadya ataimirira, atatsamira mpanda.

"Akukusunga bwino?" anafunsa Tibo.

"Bwino, Tay. Ndimafulumira, kapitawo wanena."

"Ndi zakanthawi izi, Nak. Chaka chamawa ubwerera."

"Inde, Tay."

"Anakulemba ya nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi isanu. Onse amawalemba miyezi isanu."

"Ikatha?"

"Amakupumitsa mwezi umodzi. Ukakhala ndi mwayi amakuitananso isanu ina." Analoza ndi supuni mayi wina wa imvi amene ankasuta fodya pambali pa geti. "Aling uyo wakhala akuitanidwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Akuti nayenso anayamba koleji."

Tibo anamuyang'ana mayiyo, kenako anayang'ana kumbali. Anafuna kunena kanthu koseketsa, chifukwa ndi mmene timachitira kuno zinthu zikafika pamenepa. Koma belu la fakitale linalira. Krisel anatseka kabokosi ka chakudya, dzira litatsala theka, n'kuwapatsa bambo ake.

"Mawa musavutike kubwera, Tay. Mukatseka shopu masana makasitomala amapita kwina."

Anakonza kaneti kake kumutu n'kulowa pamzere ndi anzake, ndipo mlonda anakoka geti.